Ngongole ya Mayiko Olemera

Anzathu a m'kooperativa, lamulo la kumudzi tonse timalidziwa. Ng'ombe zikalowa m'munda wa wina n'kudya chimanga, mwini ng'ombe amalipira. Zimene amaperekazo si mphatso ayi. Ndi malipiro a mlandu.

Lero tikambe za mlandu wotere, koma wa pakati pa mayiko.

Kwa zaka zoposa 150, mayiko olemera a ku Ulaya ndi ku America akhala akuwotcha malasha ndi mafuta m'mafakitale awo. Alemera nazo. Koma utsi wake sunakhale kwawo kokha. Unakwera kumwamba n'kufunditsa dziko lonse ngati bulangete. Dziko latentha. Nyanja nayo yatentha, ndipo nyanja yotentha imapatsa namondwe mphamvu.

Pa magawo 100 a utsi umenewu, ochokera mu Africa muno sakwana magawo 4. Koma taonani amene akulira!

M'Malichi 2019, namondwe Idai anagwetsa nyumba ku Beira n'kumiza minda ya ku Sofala ndi ku Manica. Anthu oposa 600 anafa m'dziko lathu lino. Patangopita masabata 6, namondwe Kenneth anakantha Cabo Delgado. Mu 2023, Freddy anadutsa ku Quelimane n'kukapha abale athu mazanamazana ku Malawi. Mu 2024, chilala chinapsereza chimanga kuno ku Tete.

Aka sikoyamba kuti ena adye, ife titsale ndi mabala. Kuyambira 1938 mpaka 1961, atsamunda ankakakamiza alimi a dziko lino kulima thonje. Thonjelo linapita ku Portugal. Kuno kunatsala nthaka yoguga ndi nkhokwe zopanda kanthu.

Kodi eni utsi alipira? Mu 2009, ku Copenhagen, analonjeza kuti pofika 2020 azipereka madola 100 biliyoni chaka chilichonse kwa mayiko osauka. Ndalamazo zinakwana mu 2022, ndipo zambiri zinabwera ngati ngongole yoti tidzabweze. Kodi wodyetsa ng'ombe m'munda mwako angakukongoze mbewu, n'kunena kuti mlandu watha?

Mu 2023, ku Dubai, analonjeza madola pafupifupi 700 miliyoni a thumba lolipirira zowonongeka m'mayiko onse osauka. Koma kumanganso zimene Idai ndi Kenneth anawononga kuno kokha kunkafuna madola 3.2 biliyoni. Werengani nokha, anzathu. Lonjezolo silikwana n'komwe gawo limodzi mwa magawo anayi.

Wina anganene kuti, "Nanga ife sitidula mitengo? Sitiwotcha makala?" Inde timatero, ndipo tichepetse. Koma kamoto ka mayi wophika nsima si kamene kanatenthetsa nyanja.

Tsono tichite chiyani?

Choyamba, tilembe. Taphunzira kulemba ndi kuwerengera. M'buku la kooperativa tizilemba chaka, mahekitala amene amira kapena apsa, ndi matumba amene tataya. Ngongole yolembedwa ndi yovuta kuikana. Atsogoleri athu akamapita kumisonkhano ya mayiko, azinyamula manambala ochokera m'midzi.

Chachiwiri, tisamale nthaka. Tisatenthe tchire. Tiunde mizere yopingasa phiri kuti madzi asakokolole dothi. Tikwirire mapesi, tithire manyowa. Tibzale mapira, chinangwa ndi nandolo, mbewu zopirira chilala. Mitengo ya nsangu tiisiye m'munda.

Tisadikire ndalama manja ali m'khosi, koma tisaiwalenso kuti ndi zathu. Sitikupempha. Tikulonjerera.

Tilime! Tilembe! Tilonjerere ngongole yathu!