Coartem ndi ma ARV: mlingo umodzi, mphamvu zosiyana m'magazi

Mvula ikayamba, mizere ya odwala malungo imatalika m'zipatala za ku Luapula, kumpoto ndi kum'mawa kwa dziko lino. Ena mwa iwo amamwa ma ARV tsiku ndi tsiku. Iwo amalandira Coartem monga wina aliyense: munthu wamkulu mapilisi 24, oti awamwe anai anai m'masiku atatu. Koma ofufuza apeza kuti mphamvu ya mapilisi amenewa m'magazi imasintha kulingana ndi mtundu wa ma ARV amene munthu akumwa.

Boma linasankha Coartem mu 2002, chloroquine atasiya kugonjetsa malungo, ndipo mu 2005 ma ARV anayamba kuperekedwa kwaulere m'zipatala za boma. Kucokera pamenepo mankhwala awiriwa akhala akukumana m'thupi la munthu mmodzi, makamaka m'ciwindi, momwe amaphwanyidwa asanacoke m'thupi.

Mu Coartem muli mankhwala awiri. Artemether amapha tizilombo ta malungo mwamsanga, kenaka n'kutha. Lumefantrine amakhalitsa m'magazi, kutsiriza tizilombo totsala ndi kuteteza munthu kwa kanthawi ngati udzudzu wamulumanso. Vuto limabwera ndi efavirenz, amene kwa zaka zambiri anali m'pilisi la TLE lomwe odwala ambiri anali kumwa. Efavirenz amafulumizitsa ciwindi, motero mankhwala a malungo amatha nthawi yake isanakwane. Kafukufuku wa ku Kampala, ku Uganda, wofalitsidwa mu 2012, anapeza kuti lumefantrine amatsika pafupifupi ndi theka, ndipo artemether amatsika koposa apo.

Kodi ndiye kuti Coartem sagwira nchito mwa anthu otere? Yankho lina linacokera kuno kwathu, ku Nchelenge, m'mbali mwa nyanja ya Mweru, komwe malungo satha caka conse. Ofufuza anatsatira kwa masiku 42 akuluakulu omwa efavirenz amene anapatsidwa Coartem. Zotsatira zake, zofalitsidwa mu 2019, zinaonetsa kuti malungo amene anthuwo anabwera nawo anacira. Cimene cinadetsa nkhawa n'cakuti anthu ambiri kuposa mmene ofufuzawo anayembekezera anagwidwanso malungo atsopano masikuwo asanathe. Kwa mlimi kapena msodzi, kudwala kawiri m'mwezi umodzi ndi theka si nkhani yaing'ono, ndipo malungo aliwonse amacepetsa magazi ndi kukweza kwa kanthawi kuculuka kwa kalombo ka HIV m'thupi.

Mankhwala okhala ndi ritonavir, monga lopinavir ndi atazanavir, amene ena amapatsidwa ma ARV oyamba akalephera, amacita zosiyana. Iwo amacedwetsa ciwindi, ndipo lumefantrine amaculuka. Ku Tororo, ku Uganda komweko, ana omwa lopinavir sanali kubwereza malungo kawirikawiri ngati anzao. Komabe kuculukako kumafuna diso la dokotala, cifukwa lumefantrine angathe kusokoneza kagundidwe ka mtima.

Zinthu zasintha ndithu. Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti dolutegravir ndiye akhale patsogolo, ndipo odwala ambiri m'Zambia anasamutsidwira ku pilisi la TLD. Dolutegravir sasokoneza Coartem mwa njira yodetsa nkhawa. Ici ndi cipambano cimene sicikambidwa kwambiri. Koma kungakhale kulakwa kuganiza kuti nkhani yatha. Alipo amene akali pa efavirenz, alipo a ritonavir, ndiponso alipo amene ali ndi cifuwa ca TB. Rifampicin, mankhwala aakulu a TB, amatsitsa kwambiri mphamvu ya Coartem, ndipo amatsitsanso dolutegravir, n'cifukwa cake odwala otere amauzidwa kumwa dolutegravir kawiri patsiku.

Mu 2020 akatswiri anasonkhanitsa zotsatira za kafukufuku wa m'maiko angapo, ndipo mawerengero ao anaonetsa kuti kwa omwa efavirenz, kutalikitsa Coartem kucoka pa masiku atatu kufika pa asanu kungabwezeretse mphamvu ya lumefantrine. Amenewa ndi maganizo opita kwa okonza malangizo a zacipatala. Si cilolezo cakuti wodwala agule mapilisi ena kusitolo n'kudzionjezera mlingo, kapena aleke ma ARV kuti Coartem agwire bwino. Kuleka ma ARV kumapatsa kalombo mpata wozolowera mankhwala, pomwe mphamvu ya efavirenz pa ciwindi siitha tsiku lomwelo.

Amai apakati ali ndi nkhani yao. Ku sikelo amapatsidwa Fansidar woteteza malungo, koma mai amene amamwa Septrin tsiku ndi tsiku sayenera kulandira Fansidar. Mankhwala awiriwa ndi a banja limodzi, ndipo kuwaphatikiza kumakweza ciopsezo ca zilonda zoopsa za pakhungu. Septrin payekha amathandizanso kuteteza malungo.

Zonsezi zimadalira funso limodzi limene liyenera kufunsidwa wodwala asanalandire mapilisi: akumwa mankhwala ena ati? Apa ndi pamene pamavuta. M'zipatala zambiri ma ARV amatengedwa ku cipinda cina, malungo amapimidwa ku cina, ndipo kumidzi Coartem amaperekedwanso ndi anchito a zaumoyo a m'mudzi momwemo, amene angakhale msuweni kapena mnansi wa wodwala. Munthu amene sanaululeko ngakhale kwa mkazi wake sangachule TLD pamaso pa anthu a pa mzere. Anamwino akapeza malo obisika ofunsira, wodwala angathe kungoonetsa khadi kapena botolo la mankhwala osanena zambiri.

Lumefantrine amalowa bwino m'magazi akamwedwa ndi cakudya ca mafuta, monga mkaka kapena phala lothira nsinjiro. Kwa munthu amene ciwindi cake cikuthamangitsa mankhwala, kumwa pa njala kapena kusiya mapilisi a tsiku lacitatu thupi likazizira kumacepetsanso mphamvu imene yacepa kale.