Dzina Limene Lilira m'Cigayo

M'mawa ulionse, dzuwa lisanakwere, pa misika ya m'boma la Chadiza pamamveka kugunda kwa injini ya cigayo. Amai ocokera m'midzi ya mafumu a Mlolo, a Mwangala ndi a Zingalume amatula matumba a cimanga pakhomo, nakhala pamzere kudikira ufa. Tsiku lina akapeza citseko cotseka, mwini cigayo amangoti, "Dizilo watha," ndipo onse amabwerera osafunsanso, pakuti liuli alidziwa monga adziwira mcere ndi sopo. Koma ndi owerengeka amene adziwa kuti dizilo ndi dzina la munthu, Mjeremani wochedwa Rudolf Diesel, amene anafa zaka zoposa 100 zapitazo, wosaonapo dera la Chadiza ngakhale m'maloto.

Kwa Acewa dzina la womwalira limauka mwa mdzukulu, kapena limalowedwa ndi mphwake polongedwa ufumu, ndipo mudzi umachedwa ndi dzina la mfumu imene inauyamba. Anthu a ku Ulaya ali ndi mwambo wina pamwamba pa umenewu, wopatsa cinthu dzina la munthu amene anacitulukira. Woyang'anitsitsa pa wailesi yake adzaona zilembo kHz kapena MHz pafupi ndi manambala a masiteshoni. Hz ameneyo ndiye Heinrich Hertz, Mjeremani amene m'zaka za 1887 ndi 1888 anaonetsa poyera kuti kuli mafunde osaoneka oyenda mumlengalenga, omwewo amene amanyamula mau a muulutsi. Dzina la Werner von Siemens, amene anayambitsa kampani yake ku Berlin m'caka ca 1847, lili pa zinthu zitatu: pa makina a magetsi, pa dera la mzinda wa Berlin lochedwa Siemensstadt, kumene kunamangidwa mafakitale ndi nyumba za anchito, ndi pa muyeso umene akatswiri amawerengera nao kadutsidwe ka magetsi m'waya. Koma mwa maina onsewa palibe limene linalowa m'nyumba za alimi monga la Diesel.

Rudolf Diesel anabadwira ku Paris, m'dziko la France, pa 18 March 1858. Makolo ake anali Ajeremani osapeza bwino, ndipo atate ake anali mmisiri wa zinthu za cikopa. M'caka ca 1870 nkhondo inabuka pakati pa France ndi Ajeremani, ndipo banjalo linakakamizidwa kucoka pamodzi ndi Ajeremani ena, nilithawira ku London. Kumeneko umphawi unakula, cotero makolo anatumiza mwanayo, ali ndi zaka 12, kwa acibale ao ku Augsburg m'dziko la Germany. Mwini nyumba imeneyo, Christoph Barnickel, anali mphunzitsi wa masamu. Iye ndi mkazi wake anamlandira mwanayo, namdyetsa, namlowetsa sukulu. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukacenjera manja udya naye. Koma pa mwana uyu anadya nao ndi anthu a maiko onse.

Cifukwa ca kukhoza bwino, mnyamatayo analandira thandizo lokaphunzirira za makina ku Munich. Mmodzi wa aphunzitsi ake anali Carl von Linde, katswiri wa makina oziziritsa zinthu. Tsiku lina mphunzitsiyo anawerengera ophunzira ake masamu a injini ya nthunzi, imene inali kukoka masitima ndi kuyendetsa mafakitale masiku amenewo. Masamuwo anaonetsa kuti pa matumba 100 alionse a malasha amene injini inatentha, mphamvu ya matumba 10 okha, kapena ocepera apo, ndiyo inagwira nchito, ndipo yotsalayo inangothawa ndi utsi. Mlimi amene angakolole ngolo 10 za cimanga, naona anankafumbwe atadya ngolo 9, sangaone tulo. Diesel nayenso sanapeze mtendere. Anatsiriza maphunziro ake m'caka ca 1880, nagwira nchito m'kampani ya mphunzitsi wake uja, koma funso la mphamvu yotayikayo silinamcoke mumtima.

Yankho limene anapeza lili pafupi ndi cinthu cimene mwini njinga aliyense acidziwa. Munthu akapopa tayala mofulumira, pampu imatentha m'manja, pakuti mpweya ukapanikizidwa umatentha. Diesel anawerengera kuti mpweya ukapanikizidwa kolimba ndithu, udzatentha kokwanira kuyatsa mafuta popanda macesi kapena mapulagi. M'injini ya cigayo zimacitika motere. Pisitoni imatsika, nikoka mpweya. Imakwera, niupanikiza mpaka mpweya wodzaza makapu 15 kapena 20 ukwane m'malo a kapu imodzi, ndipo pamenepo kutentha kwake kumapitirira madigiri 500, pomwe madzi amawira pa 100. Mafuta akapoperedwa m'katimo amayaka okha, nakankhira pisitoni pansi ndi mphamvu. Potsiriza pisitoni imakweranso, nitulutsa utsi. Kugunda kumene kumamveka patali ndiko kuyaka kumeneku, kobwerezedwa kambirimbiri pa mphindi imodzi.

Kulemba pa pepala kunali kwapafupi kuposa kusula citsulo. M'caka ca 1893 boma linampatsa cikalata ca umwini wa nzeruyo, ndipo fakitale ya makina ya ku Augsburg pamodzi ndi kampani ya Krupp zinavomera kulipira zoyesayesa zake. Injini yoyamba, poyesedwa mu August caka comweco, inaphulitsa cipangizo coyezera. Zaka zinapita alikukonza, kuyesa ndi kulephera. Pa 17 February 1897 injini yake yacitatu inayesedwa pamaso pa akatswiri, ndipo inasandutsa magawo 26 pa 100 alionse a mphamvu ya mafuta kukhala nchito, ndiko kuposa kawiri injini ya nthunzi ija.

Kuyambira pamenepo dzina linayamba ulendo wake. Linayamba lakhala pa injini. Kenaka linasamukira pa mafuta amene injiniyo imamwa, ndipo ndi m'menemo linafikira m'kamwa mwa amai a pacigayo. Linalowanso m'mabuku a masamu. Ophunzira za makina pa University of Zambia ku Lusaka ndi pa Copperbelt University ku Kitwe amaphunzira cimene cichedwa mzungulire wa Diesel, ndiko kuwerengera kupanikizika, kuyaka ndi kufutukuka kwa mpweya m'injini, kuti adziwe nchito imene lita imodzi ya mafuta ingagwire. Masamuwo amaonetsa kuti kupanikiza kukakula, phindu la mafuta limakulanso, ndipo ndico cifukwa cacikulu cimene galimoto ya dizilo imayendera mtunda wautali pa lita imodzi kuposa inzake ya petulo. M'mizinda yambiri ya ku Germany muli miseu yochedwa Rudolf-Diesel-Straße, ndipo ku Augsburg kuli sukulu ya sekondale ya dzina lake.

Masamu omwewo ali ndi mau kwa mwini cigayo. Injiniyi imakhala ndi moyo cifukwa ca mpweya, cotero fumbi la ufa likatseka sefa ya mpweya, mafuta sayaka onse. Utsi wakuda wotuluka ku paipi ndiwo ndalama zimene zatayika. Dizilo wosungidwa m'mgolo wolowa madzi kapena wosakaniza ndi parafini amaononga pampu ya mafuta, imene mtengo wake ndi wowawa. Paipi ya utsi iyenera kutulukira kunja kwa nyumba, kutali ndi mzere wa amai obereka ana, pakuti m'caka ca 2012 akatswiri a bungwe la World Health Organization anatsimikiza kuti utsi wa dizilo umayambitsa khansa ya m'mapapo.

Pali nkhani inanso yoyenera kumvedwa ndi alimi a nshawa za Chalimbana. Pa cionetsero cacikulu ca ku Paris m'caka ca 1900, injini ya mtundu wa Diesel inayendetsedwa ndi mafuta a nshawa okhaokha. Boma la France ndilo linapempha zimenezi, pofuna kudziwa ngati maiko amene linali kulamulira mu Africa angayendetse makina ndi mbeu zao. Injiniyo inayenda bwino, ndipo m'caka ca 1912 Diesel analankhula poyera kuti mafuta a mbeu angadzakhale ofunika m'tsogolo. Izi sizitanthauza kuti mlimi athire mafuta ophikira m'injini yake, pakuti injini zamakono zili ndi timabowo tating'ono timene mafuta olemera angatseke, ndipo mafutawo ayenera kuyamba akonzedwa mwaluso. Koma nkhaniyi isonyeza mtima wa mwini dzina. Iye anafuna kuti mphamvu ya makina isakhale ya mafakitale akuluakulu okha, koma ifikenso kwa mmisiri wamng'ono. Cigayo ca m'mudzi ndico cipatso ca cikhumbo cimeneco.

Mwini wake sanaone mapeto abwino. Analemera, koma cuma cake cinatha m'malonda osayenda bwino. Madzulo a pa 29 September 1913 anakwera sitima ya pamadzi yochedwa Dresden ku Antwerp kupita ku England. Kutaca sanapezeke m'sitimamo, ndipo patapita masiku ngati 10 amalinyero ena anaona mtembo wake pa nyanja. Anafa ali ndi zaka 55.

Dziko la Zambia linadziwa kulemera kwa dzinali m'caka ca 1965, pamene Ian Smith analengeza ufulu wa Rhodesia popanda cilolezo ca Angerezi ndipo njira ya mafuta ya kumwera inatsekeka. Mafuta anagawidwa mwa muyeso, ndipo malole anawanyamula m'migolo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu woipa umene unapha madalaivala ambiri. Ndico cifukwa cake m'caka ca 1968 kunatsegulidwa paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, yofika ku Ndola, imene kuyambira m'caka ca 2023 imanyamula dizilo woyengeratu. Mtengo wa dizilo ukakwera, mtengo wogayitsa cimanga umakweranso, pamodzi ndi wa feteleza wobwera pa lole ndi wa ulendo wa ku Chipata.

Diesel sanafike ku cigawo ca kum'mawa, koma alipo Mjeremani wina amene anafikadi. Dzina lake linali Carl Wiese, wamalonda a minyanga ya njovu, amene anakwera kucokera ku Tete m'zaka za m'ma 1880, nakhala bwenzi la Nkhosi Mpezeni. M'caka ca 1891 anati Mpezeni wampatsa cilolezo pa dziko. Cilolezoco cinagulitsidwa, ndipo cinathera m'manja mwa North Charterland Exploration Company, imene inayambika m'caka ca 1895, nipatsidwa dera la masikweya mailosi 10,000. Mu January 1898 asilikali a Angerezi anathira nkhondo Angoni. Nsingo, mwana wa Mpezeni, anagwidwa naomberedwa, ndipo ng'ombe zikwizikwi zinalandidwa. M'zaka zotsatira Angoni ndi Acewa ambiri anacotsedwa pa nthaka yabwino, napanikizidwa m'malo opatulidwa, mpaka boma linagula dziko la kampaniyo m'caka ca 1941. Wiese anamwa madzi a m'dera lino, nasintha malo okhala a mabanja ambiri, koma lero ndi owerenga mbiri yakale okha amene amachula dzina lake.

Maina ena obwera ndi mfuti anatsata njira yomweyo. Ajeremani anamanga boma lao m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika, nalicha Bismarckburg polemekeza nduna yao yaikulu. Lero malowo ndi Kasanga, m'dziko la Tanzania. Angerezi anali ndi Fort Jameson, Abercorn ndi Broken Hill, koma ufulu wa 1964 utabwera eni dziko anabweza maina ao, Chipata, Mbala ndi Kabwe. Palibe anapempha kuti liu la dizilo licotsedwe. Dzina lokhomedwa pa cikwangwani limazulidwa pamodzi ndi mlongoti wake, koma ili linalowa m'cinenero cifukwa linapumitsa amai ku mtondo ndi munsi, ndipo likhalabe m'mbiri ngakhale zigayo zina zayamba kuyendera magetsi ndi mphamvu ya dzuwa.

Phunziro lake ligwera makolo ndi amalume. Zonsezi zinayamba ndi mwana wothawa nkhondo, wopanda munda ndi khola, amene wacibale anamsunga namphunzitsa masamu. M'midzi ya Chadiza alipo anyamata amene amatha zaka zingapo alikuweta ng'ombe za eni pofuna kudzalandira thole, ndi atsikana amene amasiya sukulu nalowa m'banja asanakhwime. Thole ndi cuma ndithu, koma lingafe ndi matenda a nkhupakupa m'dzinja limodzi, pomwe maphunziro sagwidwa ndi nthenda. Kuyambira mu January 2022 boma linacotsa malipiro m'masukulu ake mpaka Giredi 12, cotero cifukwa cakale ca kusowa ndalama cacepa mphamvu. Pa cigayo ciliconse pamapezeka mwana wosuzumira pa injini, wofunsa cifukwa cake ilira motero. Mwana wotere asamangopirikitsidwa ndi mkalipo. Ayankhidwe monga mwa nzeru zimene akulu ali nazo, ndipo m'mawa mwake aperekezedwe ku sukulu.