Za Umoyo wa m'Banja: Chakudya Chimene Chiri Mankhwala



Makolo athu anatisiyira mwambi wakuti chakudya sichichepa, chichepa nchobvala. Mau amenewa ndi oona, ndipo ndiwo anasunga midzi yathu m'zaka za njala. Pakuti mlendo akafika pakhomo nthawi ya nsima, palibe amfunsa za kwao asanasambe m'manja. Koma mwezi uno tikambe za chakudya china chimene mwambiwu suchikhudza, ndicho chakudya chimene dokotala alembera wodwala mmodzi, nachiyesa monga ayesera mankhwala. Chimenecho chichepa ndithu. Ndipo wochigawira ena, angakhale achita ndi mtima wachifundo, alanda mphamvu za wodwalayo.

Kapena wina afunsa kuti, Kodi chakudya chisanduka bwanji mankhwala? Tamvani. Ziripo nthenda zina zokhalitsa zimene ziletsa thupi kupindula ndi chakudya cha masiku onse. M'chaka cha 1934 dokotala wa ku Norway, dzina lake Asbjørn Følling, anazindikira nthenda yobadwa nayo imene aitcha phenylketonuria. Thupi la mwana wobadwa nayo silitha kusungunula kanthu kena kopezeka mu mkaka, m'nyama, m'mazira ndi m'nyemba. Chotero kanthuko kaunjikana m'magazi, nikaononga ubongo. M'chaka cha 1953 dokotala Horst Bickel ndi anzake, pogwira nchito ku Birmingham, anaonetsa kuti mwana wotere athandizidwa ndi chakudya chokonzedwa mwapadera, chochotsedwamo kanthuko. Kufikira lero odwala nthendayi adya chakudya cholembedwa ndi dokotala, ambiri moyo wao wonse. Taonani, mkaka womwewo umene ulimbitsa mbale wake, kwa iye ndi woononga.

Nthenda imeneyo siiwanda. Koma kwathu kuno tiri nacho chakudya cha mtundu womwewo wa mankhwala, chimene nonse muchidziwa, ndicho chiponde cha kuchipatala. Chinakonzedwa poyamba ku France m'chaka cha 1996 ndi André Briend pamodzi ndi Michel Lescanne, nachitcha Plumpy'Nut. M'chaka cha 2001 dokotala Mark Manary anayamba kuchiyesa m'Malawi muno pa ana onyenchera, namapereka kwa amai kuti akawadyetsere kunyumba, m'malo mogona nao m'chipatala masabata ambiri. Ndipo ana ochuluka anachira. M'chaka cha 2007 mabungwe a WHO, UNICEF ndi WFP anabvomereza njira imeneyi kuti itsatidwe m'maiko onse.

Musachiyese chiponde cha mumtondo. Zoonadi muli mtedza, koma mulinso mkaka waufa, shuga, mafuta, mavitamini ndi michere yofunika m'thupi, zonse zoyesedwa bwino. Paketi imodzi ilemera magalamu 92, ndipo iri ndi mphamvu zokwana makalori 500. Mulibe madzi, chifukwa chake sichiola msanga, ndipo sichifuna kuphika.

Sichiperekedwanso mwachisawawa. Mwana wa miyezi 6 kufikira zaka 5 amuika pa sikelo, namuyesa mkono ndi kalamba ka mitundu itatu. Mkono ukachepera masentimita 11.5, pamene pali pofiira, kapena mapazi onse awiri akatupa, ndiye kuti wanyenchera koopsa. Pamenepo amlawitsa chiponde kuti aone ngati afuna kudya. Akakana, kapena akatupikana kwambiri, agonekedwa m'chipatala, nayamba ndi mkaka wopepuka wotchedwa F-75. Pakuti mtima ndi matumbo a mwana wotere zafoka, ndipo chakudya cholemera choperekedwa mofulumira chikhoza kumupha. Akalandira chiponde bwino, awerengera mapaketi monga mwa kulemera kwake, kuti amkwanire iye yekha kufikira tsiku lobwerera ku sikelo. Sawerengerapo abale ake.

Akulunso alandira, makamaka odwala chifuwa chachikulu ndi okhala ndi kachirombo ka HIV, pamene thupi lao latha. Nthenda zimenezi zidya mphamvu za thupi usana ndi usiku, nizichotsanso chilakolako cha chakudya. Kwa iwo chiponde ndi ndodo yoyendera kufikira thupi litabwerera. Koma sichilowa m'malo mwa mankhwala a chifuwa kapena ma ARV, amene ayenera kumwedwa osadumpha tsiku.

Tsono apa ndipo pagona mlandu. Mai afika pakhomo ndi mapaketi, ana ena atatu ali maso; chipondecho nchotsekemera, ndipo mtima wa kholo supirira kulira kwa mwana. Ang'amba paketi imodzi, nagawa. Mawa mlamu apempha ya mwana wake, ndipo kumana kuchititsa manyazi. Mkucha atate atenga ziwiri kukagulitsa pamsika kuti agule sopo. Pofika tsiku la sikelo mwana sanakwere, ndipo anthu ayamba kunong'onezana kuti pali anamlodza. Chikhalirecho mankhwala ake anathera m'kamwa mwa athanzi. Kodi alipo kholo logawira ana onse mankhwala a malungo a mwana mmodzi, chifukwa choopa kuoneka lomana? Iai, palibe. Chomwechonso ndi chiponde.

Dziwaninso kuti chothandiza wina chipweteka mnzake. Agogo odwala matenda a shuga akalandira paketi kwa mdzukulu, alandira chinthu chodzala shuga ndi mafuta. Khanda losakwana miyezi 6 silipatsidwa chiponde konse. Chakudya chake ndi bere la mai wake.

Chifukwa chake, sungani malangizo awa. Sambani m'manja ndi sopo, inu ndi mwana yemwe, asanayambe kudya. Ngati ayamwa, ayambe wayamwa. Pambuyo pake mumpatse chiponde pang'ono pang'ono, kangapo pa tsiku, chisanafike chakudya china. Musachisungunule m'madzi, pakuti madzi aitana tizirombo. Koma mumpatse madzi abwino akumwa, chifukwa chichititsa ludzu. Ana enawo muwaphikire phala lotsira nsinjiro, kapena Likuni Phala la chimanga ndi soya, kuti pamene wodwala adya chake, iwonso akhale ndi chao m'manja. Mwana akayamba kusanza, kutsegula m'mimba, kutentha thupi kapena kukana kudya, musadikire tsiku la sikelo; thamangani naye kuchipatala. Ndipo chenjerani ndi oyenda m'misika ndi maufa a m'mabotolo, amene anena kuti achiza shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Chakudya chimene chiri mankhwala enieni chidza ndi sikelo, ndi kuyesedwa, ndi dzina la wodwala lolembedwa m'buku.

Inu atate, mau anu ndiwo amveka pakhomo: nenani poyera kuti mapaketiwa ali ndi mwini wake, kuti mai asasenze yekha manyazi a kukaniza abale. Inu anansi, musapemphe. Mukafuna kuthandiza, tumizani mbale ya mtedza kapena ufa wa ana enawo. Inu ogula pamsika, kumbukirani kuti paketi iri yonse yogulitsidwa yachoka m'manja mwa wodwala.