Za Maiko Ena: Koleji Yapafupi ndi Kwao

M'matauni ang'ono-ang'ono a ku America muli makoleji ochedwa community college, kumene mwana amaphunzira zaka ziwiri akugona pakhomo pa makolo ace. Ena amaphunzira unamwino, ena umakanika, ena amangoyambirapo kuti akatsirize ku yunivesite.

Malipiro ace ngocepa. M'caka ca 2024 wophunzira wa m'dera lomwelo anali kulipira pafupi-fupi madola 4,000 pacaka, pamene yunivesite ya boma inali kufuna oposa 11,000. Ku Tennessee, kuyambira 2015, boma limalipirira fizi ana otsiriza sekondale, malinga agwire nchito yothandiza anthu kwa maola angapo.

Koma, monga adziwira kholo liri lonse, fizi sindiyo yokha imagwetsa mwana. Mabuku, cakudya ndi petulo nza mwini wace. Kumidziko mabasi ngosowa, ndipo galimoto ikafa, sukulu yaimanso. Ambiri ali panchito, ena ali ndi ana, motero amalowa m'kalasi atatopa kale, nayamba kujomba, mpaka osaonekanso.

Ofufuza a pa Columbia University anapeza kuti mwa ophunzira 100, pafupi-fupi 80 amalakalaka digiri ya zaka zinai, 33 okha amafika ku yunivesite, ndipo 16 ndiwo amaitenga zisanathe zaka 6. Ena pofika kumeneko amauzidwa kuti zina zimene anakhoza kale siziwerengedwa, abwereze, alipirenso.