Sikuta yakale isapite kusikelo

Ogula zitsulo zakutha akuyenda ndi sikelo khomo ndi khomo masiku ano, kuyambira kwa Mpondasi, kudutsa pa Makawa mpaka ku Monkey Bay. Amatenga chilichonse: mapoto obooka, makasu otha, mafelemu a njinga. Nthawi zina m'mulu wa zitsulozo mumapezeka chinthu chimene chimandipweteka mtima: sikuta yakale, imene yakhala kuseri kwa nyumba chimwalirireni mwini wake, nkhuku zikuikiramo mazira. Ana a malemu amaigulitsa pa mtengo wa makilo. Abale anga, tisamafulumire nazo kusikelo njinga zimenezi, chifukwa zambiri mwa izo zikhoza kudzuka.

Sikuta ya Vespa inatuluka m'chaka cha 1946 ku Italy, nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itangotha, anthu akusowa choyendera chotsika mtengo. Kampani ya Piaggio inapereka ntchito yoikonza kwa Corradino D'Ascanio, katswiri wa ndege, ndipo iye anapanga njinga yoti munthu akwere atavala zoyera osadetsedwa ndi girizi. Chaka chotsatira kampani ya Innocenti inatulutsa Lambretta. Ku India, Bajaj anayamba ndi kupanga Vespa atapatsidwa chilolezo, kenaka mu 1972 anatulutsa yakeyake, Chetak, imene inapangidwa kwa zaka zoposa 30. Mbiri imeneyi ili ndi phindu kwa wogula wa lero. Njingazi zinapangidwa zambirimbiri, choncho mapisitoni, makebulo ndi magasiketi ake akugulitsidwabe.

Chimene ndimaikondera Vespa yakale ndi kuphweka kwake. Ilibe tcheni chapanja choti chizidya mchenga, pakuti injini inalumikizidwa ndi gudumu lakumbuyo. Ili ndi fani yoziziritsa injini, chinthu chimene aliyense wodziwa dzuwa la mu Okutobala kuno ku Mangochi angachiyamikire. Limu lake limagawika pawiri ukamasula manati, moti tayala likaphwa umasintha chubu pansi pa mtengo ndi sipanala basi. Zambiri zimayenda ndi tayala lapadera.

Koma pogula, injini si yoyamba kuyang'ana. Yambani ndi mapepala. Funsani blue book, ndipo nambala ya tchesisi ndi ya injini muziwerenge nokha pachitsulo, zifanane ndi zolembedwazo. Boma lathu lili m'malire, njinga zamoto zimalowa ndi kutuluka cha ku Chiponde ndi Mandimba, ndipo umbava wa njinga ndi nkhani imene tonse timaimva. Ngati mwini wake anamwalira, khalani pansi ndi akubanja onse, osati mwana mmodzi yekha amene wafuna ndalama yachangu. Mulemberane pamaso pa mboni, mupite kupolisi ndi ku Road Traffic musanagule ngakhale pulagi imodzi. Njinga yopanda mapepala, ngakhale muipake penti yowala bwanji, idzathera pa rodibuloko.

Chachiwiri ndi thupi lake, ndipo apa ndi pamene ambiri amapusitsika. Vespa ilibe felemu ya mapaipi ngati Lambretta. Thupi lachitsulo lija ndiye msana wake womwe. Gonekani njingayo chammbali, muyang'ane kunsi kwa popondapo mapazi ndi mumpanipani modutsa makebulo, mugogode ndi sikuludiraiva. Dzimbiri lapamwamba limachoka ndi sandipepa. Koma likadya msana mpaka chitsulo kumafumbutuka, ntchito yake ndi yaikulu, ndipo wowotcherera wozolowera mabagilaba ndi mageti akhoza kuboola chitsulo chopyapyalacho ndi moto wambiri. Funani amene amawongola magalimoto ndi kuwotcherera ndi gasi. Chenjeraninso ndi penti yatsopano pa njinga yakale, kawirikawiri pansi pake pamakhala pute wobisa mabala.

Injini ikhoza kukhala yogwirana, osatembenuka n'komwe, koma izi zisakuopseni. Thirani oyilo pabowo la pulagi, muisiye masiku angapo, muziyesa pang'onopang'ono. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Amene amamenya kiki ndi mphamvu tsiku loyamba amathyola maring'i, mwinanso kukanda silinda imene ikanapulumuka.

Pali chinthu china chathu chenicheni chimene mabuku a ku Ulaya akale sanena. Kuno kwathu petulo wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wa nzimbe kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba ntchito, ndipo ina inadzatsegulidwa ku Chikwawa. Ethanol amakoka chinyezi, ndipo kunyanja kuno chinyezi sichisowa. Njinga ikakhalitsa ndi petulo wochepa m'thanki, madzi amadikha pansi, dzimbiri n'kuyamba, zinyenyeswa zake n'kutseka kabuleta. Amafewetsanso mapaipi akale a labala. Choncho tsukani thanki bwinobwino, sinthani paipi ndi masilo onse, ikani kasefa. Ndipo musaiwale kuti injini ya Vespa yakale imadya petulo wosakaniza ndi oyilo wa 2T. Mitundu yambiri imafuna mamililita 20 pa lita imodzi, zakale kwambiri zimafuna woposa pamenepo. Oyilo wakuda wotsalira m'galimoto amapha injini.

Kunena zoona, sikuta si ya msewu uliwonse. Matayala ake ndi aang'ono, a mainchesi 8 kapena 10. Pa phula la kuchoka pa Boma kupita ku Nkopola ndi Monkey Bay imayenda mokoma, koma mumchenga wa ku Makanjira kapena m'maenje a nthawi ya dzinja imakugwetsani. Amene amakhala kutali ndi phula afune Honda Cub yakale, C70 kapena C90, ya matayala a mainchesi 17. Mtundu umenewu unayamba mu 1958, ndipo injini zambiri zazing'ono za ku China zinatengera kapangidwe kake, moti masipeya ena a m'mashopu a anyamata a kabaza amalowa.

Za luso sindikayika. Boma lino ndi limene lasunga sitima ya Ilala pamadzi kuyambira 1951, chifukwa cha amisiri a padoko la Monkey Bay. Alipo akuluakulu amene anakulira pa injini za maboti a asodzi ndi njinga za alangizi a zaulimi, odziwa kutchera mapoyinti ndi kumva vuto la injini ndi khutu. Vuto ndi loti akukalamba, ndipo anyamata ambiri a m'magalaja aphunzira kuchotsa chakale n'kuika chatsopano basi. Mukagula sikuta yanu, muitengere kwa mdala woteroyo, mupite ndi mnyamata mmodzi woti azimugwirira sipanala mpaka ntchito itatha.

Masipeya osowa itanitsani pamodzi, kudzera kwa achibale a ku Joni kapena amalonda opita ku Dar es Salaam, chifukwa chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kutumiza kanthu kamodzikamodzi kumadula kuposa kanthuko. Ndalama yoyamba ipite ku mabuleki, matayala, makebulo ndi chipewa choteteza mutu. Penti ndi magalasi onyezimira zidikire mpaka njingayo itayenda kuchoka pa mlatho wa Bakili Muluzi kukafika ku Monkey Bay ndi kubwerako osazima panjira.