Bala Lapola, Nanga Mtima?

Chaka ndi chaka anyamata a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga amatsikira ku Moatize kukafuna ntchito m'migodi ya malasha, ena ku fakitale ya fodya mu mzinda wa Tete. Ena amabwerako ndi malata ndi njinga yamoto. Ena amabwerako akutsimphina, kapena opanda zala.

Lamulo lilipo. Decreto 62/2013 imanena za ngozi za pantchito, ndipo patrau ayenera kukhala ndi seguro yolipirira wovulala. Koma mabwana ambiri amaona bala lokha. Dokotala akangomasula bandeji, mawu ndi akuti, "Mawa ubwerere pa makina." Chonsecho munthuyo sagona, amalota ngozi ija, injini ikalira manja amanjenjemera. Anzake amuseka kuti ndi wamantha, kumudzi ayamba kunong'ona za ufiti. Iye athawira ku kachasu, ajomba masiku angapo, ntchito yatha. Ana adya chiyani?

Abale, matendawa ife a m'malire timawadziwa. Nkhondo itatha mu 1992 tinaona anthu amene anaponda mabomba okwirira: mwendo woikirira analandira, koma ena zaka zinapita akuopa kuponda m'munda mwawo momwe. Si misala, si ulesi. Ndi kuvulala kwa maganizo, ndipo kumachizika. Unduna wa Zaumoyo unaphunzitsa ma técnico de psiquiatria ndi kuwatumiza m'zipatala za madistrito. Chimene wovulala amasowa ndi chilolezo cha kuntchito kuti akaonane nawo.

Chilolezocho sichibwera chokha. Wovulala asapite yekha kwa bwana. Apite ndi a komiti ya sindikato, kalata ya kuchipatala ili m'manja. Apemphe zinthu zodziwika: tsiku lokaonana ndi técnico popanda kudulidwa malipiro, ndi ntchito yopepuka kutali ndi makina amene anamuvulaza kwa masabata angapo. Kapitawo nayenso auzidwe, chifukwa chipongwe kawirikawiri chimayambira kwa iye.

Ndipo bwana mumulankhule m'chinenero chake, cha ndalama. Kuphunzitsa munthu watsopano n'kodula. Wantchito wosagona akaikidwa pa makina, ngozi yachiwiri ili pafupi, ndipo idzaimitsa ntchito yonse. Akakanabe, ofesi ya Inspecção do Trabalho ili ku Tete. Sungani kope la kalata iliyonse, ndipo lembani tsiku limene munaipereka.