Ufulu usathere pa geti la Nchalo

Amalawi anzanga, makamaka inu amene munabwerera kwathu kuchokera ku Lusaka ndi ku Dar es Salaam, tiyeni tikambe za shuga wa ku Nchalo. Lonrho ya Tiny Rowland, bwenzi la Kamuzu, inayamba kudzala nzimbe kumeneko m'zaka za m'ma 1960, nthawi imene kufunsa funso unali mlandu. Mu 1997 Illovo inagula mindayo, ndipo mu 2016 Associated British Foods ya ku London inatenga Illovo yonse.

Luso lawo sindikulikana. Makoko a nzimbe amawawotcha n'kupanga magetsi, ndipo molasesi amasanduka ethanol ku PressCane. Koma makina okha sasunga kampani. Namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023 anatisonyeza kuti Shire akasefukira sasankha munda wa kampani kapena wa mlimi wa ku Kasinthula. Tonse timamira pamodzi.

Ndiye ine ndikuti, kampani yomvera London yokha, osamvera amfumu, odula nzimbe ndi amayi otunga madzi m'Shire, siikhalitsa. Pa 14 June 1993 tinavota kuti tizilankhula popanda mantha. Kodi ufuluwo uthere pa geti la fakitale?